Nsapato ya Dzanja

Mayi wina anafika ku Erdington, kudziko la azungu, Loweruka masana mvula ikuwaza, atanyamula kachikwama kamodzi. Anagogoda kwa Temwani, nesi wa kuchipatala, n'kungoti, "Odi! Ndamva kutchalitchi kuti mukufuna wokuphunzitsani Chidatchi."

Temwani anamulowetsa. Mlendo safunsidwa dzina ali chiimire pakhomo, ndipo akamwa tiyi wako, kufunsako kumachititsa manyazi. Anangoyamba kumuitana kuti Asisi, n'kumuyalira m'kachipinda kopanda munthu.

Chidatchicho Temwani ankachifuna ndi mtima wonse. Chibwenzi chake, Gomezgani, ankagwira ntchito padoko ku Rotterdam, kudziko la Adatchi, ndipo kuti Temwani amutsatire anayenera kukhoza mayeso a chinenerocho. Anali atalephera kale. Mawu ake ataliatali ankamuthera mpweya asanafike pakati.

"Musamameze lonse, mutsamwa," anatero Asisi. "Pezani pomwe analumikiza, mudule pamenepo. Hand, dzanja. Schoen, nsapato. Hand-schoen."

"Nsapato ya dzanja?"

"Magolovesi anu a kuwodi aja."

Temwani anaseka mpaka misozi. "Anthu amenewa bwinobwino koma?"

"Mukawaona nokha. Tiyeni, ombani m'manja. Zie-ken-huis. Zieken, odwala. Huis, nyumba. Liwu lomaliza ndiye mwini wake, enawo amangomuperekeza."

Akaweruka kushifiti, ankakhala kukhitchini n'kumaomba m'manja ngati ana a sukulu ya mkaka. Pakati pa mawuwo Asisi ankaponyamo timafunso. Kodi mwamunayo amaimba foni liti? Amalonjeza zotani? Temwani, amene analibe womuuza zakukhosi mumzinda wonsewo, anakhuthula zonse: nyumba yoyang'ana kumadzi, njinga ziwiri, ukwati wa m'chilimwe. Asisi ankangopukusa supuni m'kapu.

Kenako Gomezgani anasiya kuyankha foni. Temwani ankaimba ali m'basi, ali kuwodi, ali pamzere m'sitolo. Inkangoitana. Mayeso anayandikira, iye n'kumadulabe mawu.

M'mawa wina anapeza Asisi atavala jekete, kachikwama kali m'manja. Anamuperekeza kokwerera basi.

"Mukundisiya mayeso asanafike?"

"Mukhoza. Mawu mukuwatha tsopano. Koma kumene mukupitako kulibe malo anu, mchemwali."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Nyumba yoyang'ana kumadziyo ilipodi. Makatani ake ndinasoka ndine. Ndinabwera kudzakutukwanani, koma munandilandira chikwama, n'kundipatsa bulangeti lanu lomwe. Ndikanayambira pati? Bamboyo ndinamuuza kumene ndili, n'chifukwa chake wakhala chete."

Basi inatulukira pakona. Temwani anagwira chitsulo cha pamalopo, chozizira ngati madzi a m'firiji.

"Asisi, inu ndinu ndani?"

Mayiyo anaponda sitepe ya basi, n'kucheuka maso ali ofiira.

"Mkazi wa Gomezgani, waukwati wa kutchalitchi. Dzina langa ndine Ndaziona."