Alendo a Nyengo ya Inshuwalansi

Ku Jayuya, dera la kumapiri, ziliko nkhalamba zimene zimatseka mawindo zikangoona galimoto ya anthu a inshuwalansi ikukwera phiri. Gogo wina wokhala yekha, Doña Monserrate, sanali m'gulu limenelo. Iwo nyengo imeneyi ankaiyembekezera kuposa Khirisimasi, chifukwa pa Khirisimasi ana awo okhala kutali ku Orlando ankangoimba foni, pomwe a inshuwalansi ankabwera ndi miyendo yawo n'kukhala pampando.

Pofika pakati pa Okutobala, okalamba akaloledwa kusintha inshuwalansi ya mankhwala, ogulitsa ankayenda khomo ndi khomo, pakamwa pali tseketseke. Doña Monse anali atawatulukira kalekale anthu amenewa: amabwereranso kwa yekhayo amene sanasaine. Ukangosaina, akuiwala. Choncho iwo sankasaina. Ankakhalabe pa inshuwalansi yakale imene analowa ndi malemu amuna awo, a Wiso, koma aliyense wogogoda ankamuuza kuti, "Lowani, mwina inuyo ndi amene mundithandize." Linali bodza, inde. Koma tisawaweruze, pakuti masiku ena mawu awo oyamba ankawalankhula kwa nkhuku, dzuwa litapendeka kale. Kupatula ogulitsawo, macheza awo anali a kamodzi pamwezi, akatsikira ku tauni kukatenga mankhwala kwa Don Cheo wa ku famase, amene ankakangana naye za mitengo mpaka onse awiri kukhuta.

Chaka chimenecho kunabwera mtsikana wamtali dzina lake Yaritza, pa kagalimoto kokhosomola ngati kali ndi chifuwa.

"Tiyeni tione mankhwala anu, Doña."

"Uyambe wamwa khofi, mwanawe. Mitengo ili ndi miyendo kuti ithawe?"

Atasefa khofi m'kansalu, anabweretsa chitini chakale cha mabisiketi n'kukhuthula timabotolo patebulo. Yaritza ankatenga kamodzikamodzi, kuwerenga dzina, n'kulilemba pa kakompyuta kake ka m'manja.

"Awa a shuga, kwa ife simulipira kalikonse. Awa a magazi n'chimodzimodzi ndi kumene muliko. Koma a mtimawa..." Anakwinya nkhope. "Ndisakunamizeni, Doña. Amenewa musagule ndi inshuwalansi, kaya yathu kaya yanuyo. Kuli kakadi kotsitsa mitengo kamene amapereka ulere ku famase. Mukaonetsa kameneko, amatchipa kuposa kwa ife."

"Iwe! Abwana ako akudziwa kuti umalankhula chonchi?"

"Atadziwa akhoza kundimeza wamoyo."

Anaseka onse. Kakadiko Doña Monse anali nako m'chikwama, Don Cheo anawapatsa kalekale, koma anatong'ola maso ngati akumva zachilendo. Mtsikanayo anawonjezera kuti kampani yawo imatumiza mankhwala pakhomo, a miyezi itatu nthawi imodzi, moti sadzavutikanso kutsika phiri. Iwo anangoti "Oo," nzeru zili pa mpunga wa nandolo umene unali pamoto, ndi mmene amukakamizire mlendoyo kuti adye.

"Ndiganize kaye," anatero pomuperekeza. "Ubwerenso Lachinayi."

Lachinayi anabweradi, ndipo Lachinayi linalo anabweranso. Doña Monse sankasowa funso. Nanga mankhwala a m'maso? Nanga dokotala akasintha a magaziwa? Nanga kampani ija ya malaya obiriwira, imene munthu wake anawasiyira ambulera, siyotchipa kuposa apa? Yaritza ankayerekeza zonse mosatopa, uku akudya nthochi zokazinga ndi kufotokoza za chibwenzi chake chimene chinapita ku Tampa n'kusiya kuyankha foni. Nyumba imene inkangoti zii inayamba kumveka ngati muli anthu. Doña Monse anayamba kusita diresi Lachitatu.

Mafunso atatha, anachita chinthu chimene ngakhale iwo eni chinawachititsa manyazi. Anatsegula kabati ya kuchipinda n'kutenga timabotolo ta a Wiso, timene anali asanalimbe mtima kutitaya, n'kutisakaniza m'chitini muja.

"Ndinaiwala kukuonetsa awa."

Yaritza anatenga kamodzi n'kukatembenuza. Dzina linali la Luis Pagán, dzina lenileni la a Wiso, tsiku lake la zaka zapitazo. Anayang'ana chithunzi cha bambo wa chipewa chimene chinali pakhoma, kenako anayang'ana gogoyo, amene anali kalikiliki kupukuta tebulo loyera kale. Analemba dzina la mankhwalawo pa kakompyuta kake.

"Amenewa ndi odula, Doña. Kulikonse."

"Ankatero mwini wake. Ankati mankhwala amenewa amachiza impso n'kupha thumba."

Anakhala choncho, kuyerekeza mitengo ya mankhwala a munthu amene anasiya kumwa mankhwala, ndipo Doña Monse anakamba za a Wiso kuposa mmene anakambirapo chiwaikire m'manda.

Foni ya Yaritza italira, anatuluka nayo pakhonde. Koma mawindo a ku Jayuya ndi a timatabwa topendeka, sasunga chinsinsi.

"Ndikudziwa, bwana... Eya, ndili kuphiri komwe kuja... Ayi, sanasainebe." Anamvetsera zimene abwanawo ankanena. "Mafuta ndimathira anga, bwana. Ndamva. Ndikapanda kukwanitsa chiwerengero pofika Disembala ndibweza malaya anu a ntchito. Ndamva."

Doña Monse anaima ndi mphika m'manja. Zaka zonsezi sanaganizepo kuti khofi wawo amalipiridwa ndi wina. Ogulitsa enawo ankabwera kawiri n'kuzindikira kuti apa palibe nyama, n'kusowa. Uyu yekha ndi amene ankabwerabe, ndipo ndi iyeyu amene ankamuphera ntchito. Anagwira njakata. Kusaina kunali kutseka okha chitseko chimene anakhala akuchitchinjiriza ndi phazi.

Yaritza analowa akumwetulira, maso ali ofiira. "Tinali pati, Doña?"

"Bweretsa chinthu chakocho. Amasaina pati?"

"Ayi, musafulumire. Ganizani kaye, ndibwera Lachinayi."

"Ndaganiza mpaka mutu kutentha. Usandiphunzitse kuganiza, mwana wadzulo iwe."

Anasaina ndi chala pagalasi la kakompyutako, dzina likutuluka lokhotakhota ngati la mwana wa sukulu. Yaritza anawakumbatira, akununkhira khofi ndi thukuta, n'kulonjeza kuti azidzawaona ndithu, ngakhale popanda ntchito. Ankanena zoona za mumtima mwake. Koma mafuta a galimoto sagulidwa ndi mtima, ndipo mlendo ndi mame. Doña Monse ankadziwa zimenezo pomwe ankamupakirira mpunga wotsala.

Mbiri ya munthu wosaina imayenda msanga. Wa malaya obiriwira uja sanabwerenso. Disembala inadutsa, ana anaimba foni ali pagulu, aliyense akukuwa nthawi imodzi, ndipo mwana wawo wamkazi anawayamikira kwambiri. "Mwachita bwino, Mami. Tsopano tikhala ndi mtendere, zonse zizikupezani pakhomo."

Tsiku lina mu Januwale, Lachinayi, Doña Monse anali atavala diresi lawo losita, akuganiza zoti Lolemba atsikire kwa Don Cheo akamuuze kuti asintha inshuwalansi, amuone mmene atukwanire. Anamva galimoto ikulimbana ndi chitunda. Anathamangira kukhitchini, n'kutereka madzi, n'kutsitsa makapu awiri.

Galimotoyo inaima pageti, injini osazimitsa. Mwamuna wina amene sankamudziwa anatulutsa dzanja pawindo, n'kuika kabokosi pamwamba pa chipilala, n'kuliza hutala. Pamene Doña Monse ankafika pakhonde akuitana kuti, "Bambo, khofi wapsa!" n'kuti iye akukhota kale kumunsi.

Anatsegula kabokosiko patebulo. Munali a shuga, a magazi ndi a m'maso, okwanira mpaka Epulo, osalipira ngakhale senti. Mtsikanayo sananame. Anatenga kabotolo ka mankhwala a mtima, okhawo amene ankagulabe ndi kakadi kwa Don Cheo, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Kanali kodzaza, moti Lolemba analibe chokatenga kwa Don Cheo. Anakabwezera m'chitini, n'kukhala pansi, n'kumwa khofi wawo. Kenako anakoka kapu inayo n'kumwanso, poti khofi satayidwa.