Bolopeni Yofiira pa Fomu ya Zotsatira

Telala wina anadziwa kuti zinthu zavuta tsiku limene mkazi wake anaweruka kusukulu wopanda mulu wa makope oti achonge. Pa zaka zoposa makumi awiri za uphunzitsi, mayiyo anali asanalowepo m'nyumba chimanjamanja. Tsikulo ananyamula pepala limodzi lokha, lopindidwa kanayi. Inali samani yomuitanira kukhoti.

Nkhani yake inali iyi. Pa chisankho cha aphungu, mayiyo anapatsidwa ntchito yoyang'anira malo ovotera a pasukulu pake pomwepo. Atatha kuwerenga mavoti, kalaliki wodzaza fomu ya zotsatira analemba 412 m'malo mwa 421. Mayiyo ataona, dzanja linachita zimene linazolowera. Anasolola bolopeni yofiira m'tsitsi, nakhwatcha nambala yolakwikayo, nalemba yolondola pamwamba pake, kenako nachonga pambali bwinobwino ngati ndi kope la mwana wa m'kalasi mwake. Zoti lamulo limafuna kuti mamonita a zipani zonse asaine pambali pa chilichonse chokonzedwa, anazikumbukira fomu itapita kale.

Mwatsoka, amene anawonjezeredwa mavotiwo ndiye anapambana, ndipo anapambana ndi mavoti asanu ndi awiri okha. Wogonja anathamangira kukhoti ndi mndandanda wa zolakwika za m'malo angapo ovotera, koma fomu yofiira ija ndiyo inali pamwamba.

Manyuzipepala sanatchule dzina, koma anthu sasowa nyuzipepala kuti adziwe dzina la munthu. Pakhonde la sitolo pamene telalayo ankasokera, makasitomala anayamba kulankhula ndi maso. Mayi wina anabweretsa diresi loti alichepetse, ndipo pochoka anafunsa monong'ona, ngati wachifundo, kuti, "Kodi zoti aphunzitsi anaba mavoti zija n'zoona?" Telalayo anamubwezera diresi lake losasoka. Mtima unamuwawa kwambiri, pakuti mkazi wakeyo ndi munthu amene ankabweza ngakhale choko chotsala ku ofesi ya ahedi.

Za malamulo iye sankazidziwa. Chimene ankadziwa ndi nsalu. Choncho Loweruka m'mawa anafika ndi nsalu yabuluu yosachita phokoso, nauza mkazi wake kuti aimirire pakati pa balaza.

"Aphunzitsi, tatambasulani manja," anatero. Ankamutchula choncho kuyambira ali pa chibwenzi.

"Abambo, ndikupita kukhoti, osati ku ukwati."

"N'chifukwa chake. Ku ukwati amayang'ana mkwatibwi. Uko akayang'ana inuyo."

Miyezo ya mkaziyo ankaidziwa pamtima, komabe anazungulitsa tepi m'chiuno. Inaonetsa kuti patsika mainchesi awiri. Anayang'ana kawiri.

"Bwanji mwangoti zii? Ndaonda eti?"

"Ayi, tepi iyi yakalamba ngati mwini wake," anayankha, nawerama kuyeza m'litali kuti nkhope yake isaoneke.

Tsiku la mlandu anakhala pa benchi yachitatu, chipewa chili pa bondo. Padenga panali fani yomwe inkazungulira mwaulesi, ikulira ngati makina osathira mafuta. Mkazi wake analowa m'bokosi la mboni atavala jekete limene anamusokera ndi nsalu yabuluu ija, ndipo telalayo anaona kuti phewa lamanzere lakhala bwino. Anagwira mtima pa phewa limenelo, chifukwa china chilichonse chinkamuopsa.

Loya wa wogonja anali munthu waulemu, ndipo ulemu wakewo ndiwo unkabaya. Anakweza fomu m'mwamba.

"Mayi, zolemba zofiirazi ndi zanu?"

"Ndi zanga."

"Mamonita anasaina pambali pake?"

"Sanasaine. Sindinawaitane."

"Chifukwa chiyani?"

Mayiyo anayang'ana fomu ija. "Ndinaona nambala yolakwika, bwana. Ndikaona cholakwika ndimakonza, ndipo m'kalasi sindiitana munthu kuti andichitire umboni. Ndinaiwala kuti sindili m'kalasi."

"Nanga kachizindikiro kochonga aka?"

"Ndiye kuti yankho lakhoza," anatero motsitsa mawu.

Anthu anaseka, ngakhale kalaliki wa khoti anabisa pakamwa ndi failo. Telalayo sanaseke. Anaona manja a mkazi wake ali pa thabwa, ndipo akanaloledwa akanapita kukawagwira.

Woweruza analamula kuti bokosi la mavoti a pasukulupo litsegulidwe, awerengedwenso pamaso pa mbali zonse ziwiri. Chigamulo chinabwera patatha milungu itatu. Chinali chachitali, cha mawu olemera, ndipo telalayo anatchera khutu ngati mmene amamvetsera kasitomala wovuta. Woweruza anati mavoti a m'bokosi anapezeka 421 ndendende, ndipo khoti lakhutira kuti mboniyo sinabe voti ngakhale imodzi. Koma anapitiriza kuti ndondomeko inaphwanyidwa, pamalo awa ndi ena anayi, motero chisankho chathetsedwa ndipo chichitikenso.

Panja anthu a zipani anali pikitipikiti, ena kuvina, ena kutukwana. Telalayo anagwira mkazi wake pamkono, natulukira naye khomo lakumbali, kumene kunali kampopi ndi njinga za alonda. Pamenepo mayiyo anakhala pa sitepe, misozi ili chuchuchu.

"Anthu onse aja akaimenso pamzere chifukwa cha ine," anatero. "Nkhalamba, amayi apakati, onse, padzuwa."

"Inu ndi anzanu anayi," anatero telalayo, akukhala pambali pake. "Musadzitengere ulemu wonse. Ndipo ine ndikaima kutsogolo, ndiwasungire malo."

Mayiyo anaseka pang'ono misozi ili m'masaya, kenako nkhope inagwanso.

"Abambo, ine ndinangomva zoti chathetsedwa. M'makutu munangoti ngwee. Za ine ananenapo kanthu?"

Telalayo anamuyang'ana modabwa. Mawu amene mkazi wake anawadikira miyezi itatu, anali atamudutsa iye ali pomwepo. Anakonza kukhosi, nawongola msana ngati woweruza.

"Anati mavoti anapezeka 421 ndendende. Anati khoti lakhutira kuti mboniyi sinabe voti ngakhale imodzi."

"Simukungondisangalatsa?"

"Ine mawu oti 'lakhutira' ndingawapeke? Ndikanati 'lavomera'."

Mayiyo anatseka maso, natsamira phewa la mwamuna wake, pomwepo pamaso pa alonda, chinthu chimene anali asanachitepo pagulu chikwatirane.

"Tanenaninso," anatero.

Telalayo ananenanso, pang'onopang'ono, osasiyako liwu ndi limodzi lomwe.