Chidindo cha Kuseri kwa Chithunzi

Nkhani yofufuza makolo athu anaiyambitsa ndi achimwene, ndipo monga mwa nthawi zonse, anaiyambitsa ndi pakamwa basi. Anatsegula gulu la pa foni n'kulengeza kuti banja lathu liyenera kudziwa kumene linachokera, agogo onse alembedwe bwinobwino ndi masatifiketi awo, ya kubadwa, ya ukwati ndi ya imfa. Abale anawombera m'manja. Itafika nthawi yosonkha ndalama, gulu lonse linangoti zii. Ntchitoyo inagwera ine, chifukwa shopu yanga yosokera zovala ili pafupi ndi ofesi ya kaundula, komanso chifukwa ndili ndi matenda aja osatha kusiya chinthu panjira.

Amayi okha ndi amene sanawombe nawo m'manja. Amakhala nane, ndipo masana amakhala pakona m'shopu kupinda mipendero ndi kusokerera mabatani. Nditawauza, sanadzutse n'komwe mutu.

"Zisiye zimenezo," anatero. "Akufa asiye agone."

Chifukwa chake ndinkachidziwa, ngakhale m'nyumba mwathu sitinkachitchula. Pabalaza pali chithunzi cha ukwati wa makolo awo, agogo aamuna mu suti, agogo aakazi mu diresi loyera, ndipo ngodya ya m'munsi inaphimbidwa ndi kansalu ka lesi kamene ife tinkati n'kukongoletsa. Kuseri kwake kuli chidindo cholembedwa 1958. Amayi anabadwa mu 1956. Aliyense wotha kuwerenga zala ankaona pamene pali vuto. Agogo aamuna atamwalira, amayi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, azakhali awo anawakokera pambali pamaliro pomwepo n'kuwauza kuti, "Usalire kwambiri. Mlongo wanga anakupeza uli kale ndi mano, si iwe magazi athu." Amayi sanafunse aliyense, ngakhale mayi awo omwe, poopa kumva kuti n'zoona. Mawu amenewo anakhala nawo zaka zoposa makumi asanu, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuwachotsera. Ndinkaopanso kuti mwina ndingowakhomerera.

Ofesi ya kaundula ili ndi mabenchi awiri, fani yolira kuposa mmene imaombera mphepo, ndi zenera lagalasi lokhala ndi kabowo kolankhulira kamene anakaika poyenera munthu wamfupi yekha. Kuseri kwa galasi kumakhala mayi wina wa magalasi okhuthala, amene anthu apamzere amamutchula aChidindo. Mitengo inamatidwa pakhoma. Ine ndalama ndimaziwerengera m'madiresi, ndiye ndinene choncho: satifiketi imodzi ndi malipiro osokera madiresi awiri. Ngati tsiku lenileni simukulidziwa, mumalipira zofufuzira, madiresi anayi pa zaka zitatu zilizonse zimene atsegule m'mabuku. Apeze asapeze, ndalamayo sibwezedwa.

Ndinayamba ndi ya imfa ya agogo aamuna, poti tsiku tinkalidziwa. Inangondiuza kuti anali kalipentala ndipo anafa ndi chifuwa, zimene ndikanamva kwaulere kunyumba. Ya kubadwa kwa amayi ndikanatha kuigula tsiku lomwelo, koma ndinaizemba. Pa satifiketi imeneyo pali malo olemba dzina la bambo. Malowo akanakhala opanda kanthu, ndikanabwerera kunyumba ndi nkhope yanji?

Choncho ndinalowera ku ukwati. Pa fomu ndinalemba 1958 molimba mtima, iwo n'kufufuza kuyambira 1957 mpaka 1959. Patatha milungu iwiri aChidindo anandikankhira kapepala pansi pa galasi: palibe. Ndinawaimbira achimwene, ndipo malangizo anali nawo ambiri, poti malangizo sagula. Anati mwina analembetsa mochedwa, ndiyese zaka zakutsogolo. Ndinalipiranso madiresi anayi. Palibenso.

Apa mtima unandithawa. Tsopano zinkaoneka ngati ukwatiwo sunalembedwe n'komwe, ndipo ine ndalipira ndalama zanga kuti azakhali aja, amene anapita kalekale, apambane kachiwiri. Amayi sankafunsa, koma ndikamachokera ku ofesi ankandiyang'ana m'manja asanandiyang'ane kumaso.

Ndinali nditatsala ndi ndalama imene ndinasungira kukonzetsa mota ya makina anga aakulu. Tsiku lina amayi atapita kuchipatala kukayezetsa shuga, ndinachotsa chithunzi chija pakhoma, n'kuchikulunga m'nsalu, ulendo ku ofesi. Sindinapite kukapempha, ndinapita kukakangana.

"Mayi, mabuku anuwo ndi osokonekera," ndinatero nditawerama pa kabowo kaja. "Umboni ndi uwu. Anthu awa anakwatirana, chaka ndi ichi, chalembedwa apa. Ndalama zanga mwadya kawiri."

AChidindo sanakwiye, zomwe zinandikwiyitsa kwambiri. Anachilandira chithunzicho, n'kuchitembenuza, n'kuchiyandikitsa kumaso.

"Chidindochi si chathu ayi," anatero. "N'cha wojambula. Chikunena chaka chimene chithunzi chinatsukidwa, osati chaka cha ukwati."

"Nanga si chimodzimodzi?"

"Kwa olemera, eya. Zithunzi zotere ndaziona zambiri pa zenera lino. Anthu ankabwera kudzasaina ukwati atavala zakuntchito, mboni ziwiri, basi. Chithunzi ankadzajambulitsa ndalama zikapezeka, mwina patapita zaka, suti ndi diresi n'kubwereka kwa wojambula konko. Inu si atelala kodi? Taonani manja a jeketeyi."

Ndinayang'ana. Manja a jekete ankathera kutali ndi pamene amayenera kuthera, mapewa ali phwii ngati munthu wavala ya mng'ono wake. Diresi la agogo aakazi linali lotsinidwa ndi mapini m'chiuno. Ine telala wa zaka makumi awiri pantchitoyi, woona msoko wokhota munthu ali tsidya la msewu, chithunzichi ndinakula nacho osaona kanthu.

"Ndiye bwanji simunandiuze poyamba paja?"

"Munandifunsa? Munangolemba 1958 ngati munaliko. Mwafufuza kutsogolo kawiri konse, tabwererani m'mbuyo."

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya la madiresi asanu ndi atatu. Ndinatulutsa ndalama ya mota ija, n'kulemba 1954 mpaka 1956. Milungu iwiri imeneyo ndinasokera pa makina opalasa ndi mwendo, ndipo diresi la kasitomala wina ndinaliika zipi kutsogolo.

Tsiku lobwerera, aChidindo atandiona pamzere anangokweza chala chimodzi. Nditafika pagalasi sanakankhe kapepala kaja. Anati, "Malichi, 1954. Muigula?" Ndinati ndiigula, ndipo ndinawonjeza kuti andipatsenso ya kubadwa kwa amayi. Ndalama yotsala sinkakwana, ndiye ndinawaimbira achimwene pomwepo, anthu onse apabenchi akumva, kuti akapanda kutumiza panopa ndilemba m'gulu lawo lija kuti iwo tinawatola. Inalowa pasanathe mphindi zisanu.

Sindinadikire kufika kunyumba. Ndinatsegula envulopu pamasitepe a ofesi. Pamalo a dzina la bambo panali dzina la agogo aamuna, kalipentala. Ndipo pansi, pamene amalemba munthu wodzanena kuti mwana wabadwa, panalembedwa "bambo ake", tsiku lake lili lotsatira kubadwa kwa amayi. Munthuyo sanadikire n'komwe kuti sabata ithe. Ndinakhala pansi pamasitepepo n'kulira, anthu akundilambalala, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Amayi ndinawapeza m'shopu akusokerera mabatani pa malaya a sukulu. Ndinaika mapepala awiriwo pamiyendo pawo. Anawerenga loyamba pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, kenako lachiwiri, kenako anabwerezanso loyamba.

"1954," anatero. "Ndiye chithunzi chija?"

"Zovala zobwereka, amayi. Anajambulitsa patapita zaka zinayi."

Anapuma mpweya wautali, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika, ngati munthu amene watula ndowa.

"Azakhali aja," anatero, akupukusa mutu. "Zakudyera zingati zimenezi?"

"Madiresi khumi ndi asanu ndi atatu."

"Mwana wopusa. Tabweretsa chithunzicho."

Ndinakachitenga. Anachitulutsa mu felemu, n'kutenga kalezala komwe amasomolera ulusi, n'kuyamba kudula timisoko ta lesi ija kamodzikamodzi. Inali misoko yaing'ono, yolongosoka, ya mtsikana amene wangophunzira kumene kugwira singano.

"Ndinaisoka ndine, titangochoka kumaliro," anatero. "Ndinkaona ngati ndikuwaonongera chithunzi anthu."

Lesi itachoka, pangodyapo panali poyera kuposa pena ponse, poti dzuwa silinafikepo. Panaima kamtsikana ka zaka ziwiri, kopanda nsapato, nkhope yosaoneka bwino chifukwa kanagwedezeka pojambula, dzanja lili m'mwamba kwa bambo wa jekete lalifupi.

Amayi anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya a sukulu aja, n'kuwavalanso.

"Zaka zonsezi ndinkati ndine ndinawakakamira," anatero. "Taona bwino. Si ine ndawagwira apa. Andigwira ndi iwo."