Anzake a Haji Nosrat

Parvane anaima pakhomo la khitchini, foni ikadali m'manja. Maliro a bambo ake, Haji Nosrat, anali atangoikidwa, ndipo pabalaza panadzaza madoda a mumzinda wa Kerman odzapepesa.

"Amayi, anali adokotala. Akuti m'magazi mwa bambo munali mtovu."

Mayi Shokat anasiya kutsuka matambula a tiyi. "Mtovu? Wa m'mabatire uja? Kodi bambo ako amadya mabatire?"

"Akuti unali mu taryaki. Ogulitsa akumathiramo kuti izilemera pasikelo."

Taryaki, utomoni wakuda woledzeretsa uja, nkhalamba zambiri zinkameza ngati mankhwala a shuga ndi nyamakazi. Koma kuitchula pagulu, ayi ndithu, makamaka pamaliro a munthu woti anakafika ku Maka!

"Mutu wanga sukugwira," anatero mayiwo. "Bambo ako m'mimba mukawapota, ndinkawasungunulira kachidutswa mu tiyi, n'kupezako bwino. Mawa lake kupota koposa, ine n'kuwonjezera. Ndiye mankhwala ndi ati, matenda ndi ati?"

Keyvan, mchimwene wake wa Parvane, anatseka chitseko msanga. "Nkhaniyi ithere momwe muno. Anthu tawauza kale kuti ndi mtima. Ukufuna kuwavula bambo ali m'manda?"

"Achimwene, mwawaona a Ghorban?"

Anali atawaona. A Ghorban, mnzawo wa malemu kuyambira paubwana, anakhala pakona atapindika, dzanja lili pamimba, nkhope ili mbuu.

Parvane ananyamula thireyi ya tiyi n'kulowa pakati pa amuna.

"Akuluakulu, mundikhululukire. Bambo sanafe ndi mtima. Taryaki yawo inali ndi poizoni. Ngati alipo amene anagawiridwako, apite kuchipatala lero lomwe."

Keyvan anagwira kumaso ndi manyazi.

A Ghorban anakweza dzanja pang'onopang'ono. Kenako wometa tsitsi wa pamsika. Kenako wina, winanso, mpaka nkhalamba zonse za m'mbali mwa khoma, zikuyang'anizana mosokonezeka, pakuti aliyense ankayesa kuti Haji amagawira iye yekha.

A Ghorban anapisa m'thumba, natulutsa kampango n'kukamasula. Munali chidutswa chakuda, chachikulu ndithu.

"Anandipatsa tsiku lomwe ankapita kuchipatala, mwanawe," anatero, misozi ili chuchuchu. "Anadula pawiri, chaching'ono n'kutenga iye. Akuti, iwe Ghorban ndiwe wamantha ndi ululu, uyambe ndiwe kuchira."