Makina a M'chipinda cha Lekeleni

Ndinalota ndapita ku Limbe kukagula makina osemera zitsulo, aja amazunguza chitsulo mpeni nkumachipala. Ndimakonza zigayo ndi mijigo, ndipo ndinatopa nako kunyamula mashafiti, zitsulo zazitali zozungulira m'kati mwake, kupita nawo kwa eni makina m'tauni. Ndinkafuna anga, pakhomo.

Wogulitsa anali a Likoswe, amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Tinawaika m'manda kalekale, koma anandilandira atavala ovolosi yawo, ndipo nkhani ya maliro sitinaikambe.

Makina analipo awiri. Ena anali opakidwa penti wobiriwira, ena adzimbiri, nkhuku itaikira mazira pansi pake. Ine ndinaloza obiriwirawo.

"Penti sasema chitsulo," anatero a Likoswe. "Yendetsani chala m'njanji zake."

Ndinayendetsa. Njanji za obiriwira zinali zodyeka pakati ngati khwerero la pachitsime. Za adzimbiri zinali zowongoka. Ndinagwedeza chogwirira chitsulo, sichinasewere. Tinamangapo kachitsulo nkuyatsa mota, ndipo zopalidwa zinagwa zopotanapotana, zotentha. Zitafika pansi zinakwawa nkulowa m'udzu.

Ndinati nditenga adzimbiriwa. Apo makinawo anayankhula mwaulemu.

"Bambo, mukatiika pati?"

"M'chipinda cha mwana wanga Lekeleni. Anapita ku Joni, ndipo anasiya kuimba foni."

"Amayi ake avomera?"

"Ayi."

"Chabwino. Tiyeni tikaone."

A Likoswe anandithandiza kuwakweza pangolo yopanda ng'ombe, ndipo ngoloyo inayenda yokha mpaka kwathu ku Lunzu. A Likoswewo anatsala pamsewu. Anati malire awo ndi pomwepo.

Mkazi wanga Esinala anali ataima pakhomo pa chipindacho, tsache lili m'manja.

"Bambo a Lekeleni, akabwera adzagona pati?"

Ndinakankha chitseko. M'katimo munalibe bedi kapena sutikesi yake. Munali mtsinje waukulu wamatope, ukuyenda kuchokera kuzenera kupita kukhoma. Makina anatsika okha pangolo, nalowa, nakaima m'madzi ofika m'mawondo.

Kutsidya kunali munthu atakhala pamwala. Anali Lekeleni, wowonda, ndevu zitamera, nsapato atazikoleka m'khosi. Ankayang'ana uku ndi uku, koma ife sankationa. Amayi ake anamuitana mpaka mawu anasasa. Madzi ankameza dzinalo lisanafike pakati.

"Ababa!" anakuwa iye, atayang'ana kolakwika. "Ngati mulipo, gogodani kanthu. Sindikudziwa mbali yakwathu."

Mawu ake ankatipeza, athu okha ndiwo sankaoloka. Ndinalowa m'madzi, ndinamanga chitsulo pamakina, nkuyatsa. Munalibe waya wa magetsi, koma mota inalira. Nditakankhira mpeni pachitsulo, kulira kwake kunadutsa mtsinje wonse.

Lekeleni anatembenuka. Anaimirira, nalowa m'madzi.

"Musasiye," anatero Esinala.

Chitsulo chinkapyapyala. Chinayamba ngati mkono wanga, chinafika ngati chala, kenako ngati msomali. China choti ndimangepo ndinalibe. Madzi anali atamufika mwanayo pachifuwa, ndipo ndinabweza mpeni pang'ono kuti uzingokhudza, chitsulo chisathe msanga.

Ndinadzuka asanafike pakati.

Kunja kunali kutayera. Esinala anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akumanga duku.

"Mumalankhula kutulo," anatero. "Mumati ndani afulumire?"

"Makina aja ndikagula," ndinatero, "tidzawaika pakhonde."