Moni Wodikira Yankho

"Ukaibwezere pomwe waitenga," anatero a Laisoni ataona Fainesi, mwana wa mlongo wawo, akutuluka m'nyumba ndi wailesi. "Atate ako agona kumanda masiku atatu okha. Sitinamete n'komwe, iwe ufuna kutiimbira nyimbo?"

Fainesi anaima pakhomo ataifungata. Inali wailesi yozungulira ngati sefuliya, imene mlongo wake Ignasio anatumiza kuchokera ku Lusaka, kumene ankaulutsa mawu m'Chinyanja. Lamya yonena za imfa ya atate ake, a Ezekiele, anakaitumiza yekha Fainesi pa siteshoni ya sitima ya Mtakataka. Yankho silinabwere, ndipo Ignasio pamaliro sanaoneke.

"Lero ndi Lachinayi, amalume, tsiku lomwe achimwene amalankhula. Ndingofuna kumva ngati uthenga unawapeza."

"Unamupeza. Wazolowera kutchuka ameneyo. Kuno akuona ngati kuthengo."

"Musiyeni mwanayo, achimwene," anatero aNabanda, amayi a Fainesi, ali khale pamphasa. Chiyambire maliro anali asanalankhule mawu ochuluka chotero.

A Laisoni anatembenukira kwa Fainesi. "Chabwino, tsegula. Koma ndikamumva akuseka ndi kuimbitsa magitala ake ngati palibe chachitika, mawa ndimulembera kalata. Asadzapondenso pano. Ndi dimba lake lomwe ndipatsa ena."

Fainesi anakoka batire lalikulu la wailesiyo mpaka pakhonde, nalumikiza waya wochokera mumtengo wa mango. Achibale amene anatsalira pamaliro anasendera mmodzimmodzi, dzuwa likadali pamwamba pa mapiri a Dedza.

Choyamba kumveka inali gitala, yothamanga, ya chikondwerero. A Laisoni anatsonya. Fainesi anazolika, nalakalaka batire litangothera pomwepo.

Nyimbo ija inadukira pakati.

"Kuno ndi ku Lusaka. Ndine Ignasio wanu. Abale, lero mundikhululukire, makalata anu ndidzawerenga Lachinayi linalo. Dzulo yandipeza lamya yoti atate anga, a Ezekiele a ku Mtakataka, anatisiya Lamulungu. Ngakhale ndikanakwera sitima nthawi yomweyo, ndikanapeza manda atauma."

Mawu ake anamira pang'ono, kenaka anabwereranso.

"Ambiri mwakhala mukulemba kufunsa chifukwa chake ndikapereka moni ndimakhala duu, mpaka ena mumagwedeza wailesi poyesa kuti yawonongeka. Lero ndikuuzani. Chaka changa choyamba kuno, atate anapempha aphunzitsi a ku Mua kuti awalembere kalata. Sanapemphe bulangete, sanapemphe chikhothi. Anangoti: 'Mwana wanga, mawu ako akufika bwino. Koma ukufulumira. Ukuti muli bwanji, ine ndisanamalize kuyankha iwe wayamba kale nyimbo. Kodi ndinakulera choncho?'"

Mayi wina anaphulika kuseka, nadzigwira pakamwa msanga. Koma aNabanda nawonso anali kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndi iwodi amenewo," anatero. "Ankavula chipewa n'kumuuza zonse. Mvula, thonje, mbuzi yomwe yabereka. Ine n'kumati, 'Bambo, sakukumvanitu.' Iwo amvekere, 'Zakumva n'zake zimenezo. Ine wandifunsa, ndiyankhe.'"

"Tamverani, alongo," anatero a Laisoni monong'ona.

"Kuyambira pamenepo ndimadikira," Ignasio anapitiriza. "Chipinda chino chilibe zenera, simuoneka nkhope ya munthu. Koma zaka zisanu zonsezi ndinkadziwa kuti kwinakwake kuli mkulu wina amene akundiyankha. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha munthu ameneyo. Amayi, amalume, Fainesi, ngati mwatsegula, ndifika mwezi wamawa. Mudzandionetse pamene agona. Tsopano ndipereke moni monga mwa masiku onse. Moni nonse. Muli bwanji?"

Wailesi inangoti shii.

Zaka zonsezo Fainesi anali asanaumvepo mpata umenewo, poti atate ake ankaudzaza. Lero anazindikira kutalika kwake. Nkhuku inadutsa pabwalo. Palibe anasuntha.

A Laisoni anatsokomola. Anayang'ana alongo awo, anayang'ana wailesi. Kenaka anavula chipewa, nachiika pabondo, nakokera mpando wawo pafupi.

"Tilipo, mphwanga," anatero, mawu akusasa. "Atate ako tawaika bwino. Anthu anabwera ambiri, mpaka a ku Golomoti. Amayi ako ali pompano, akudya pang'onopang'ono. Thonje layamba kuyera, m'dimba mwako namonso udzu wakula, udzabwere ndi manja. Kaya iwe kumeneko?"

Ku Lusaka, Ignasio anali akudikirabe.