Magazi Opita ndi Obwerera

"Iyayi, simulasa futi!" Ba Kapembwa, ataona singano m'manja mwa namwino, anakoka dzanja la mkazi wawo, Emelda, n'kulibisa m'bulangeti. Linali tsiku lachitatu mayiyo ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati mvukuto wobooka.

"Kuseni mwatenga magazi mu mtsempha. Manje futi mtsempha? Ine nayendetsa thilaki mpaka ku Durban, ku Dar, ku Lubumbashi. Vipatala naviona! Magazi ya mkazi wanga muyapeleka kuti?"

Kwawo ku Chawama kunkamveka zambiri za magazi otengedwa m'zipatala, ndipo m'mawawo bamboyo anadzionera yekha magazi akuda bii m'jakisoni.

Sista Nsofwa, namwino wa m'chipindamo, sanakweze mawu. "Ba Kapembwa, safunsa anadya phula. Mitsempha ni iwili, dzina chabe ndiye limodzi. Thilaki yanu ikabwelela itatsitsa katundu, munthu angadziwe vamene munanyamula?"

"Angadziwe bwanji? Ilibe kanthu."

"Ndiye magazi yakuda ya kuseni. Ni yobwelela, mpweya yasiya kudala m'thupi. Yatiuzako vina, koma osati mpweya wamene mapapo yalonga. Tifuna yopita, yofiila, ya apa pogunda." Analoza pamkono pake, pafupi ndi chikhatho. "Kamashini ka pachala sikawelenga, vala vawo vazizila. Kuchokela teni koloko muli kukana chabe."

Bamboyo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Wani koloko inali itadutsa. Munthu amene ankatontholetsa bawa yonse ndi nkhani za m'malire a mayiko anatulutsa dzanja lija nalitembenuza yekha.

Singano italowa, Emelda anakwinya nkhope osatsegula maso. Magazi anakwera okha m'jakisoni, mogunda, koma sanali ofiira monga ananenera Sista.

"Mwalasa wolakwika," ananong'ona Ba Kapembwa. "Aya ni yobwelela."

Sista anatsindika thonje pabalapo, maso ali pansi. "Iyayi, batate. Ni yopita."

"Ndiye kuti thilaki inyamuka ilibe katundu?"

Dokotala anaitanidwa mofuula, makina opumira anakokedwa, katani inatsekedwa. Ba Kapembwa anatuluka ndi chitenje cha mkazi wawo m'manja, nakhala pabenchi ya panja.

Bambo wina wodikira m'bale wake anawasunthira malo. "Mwachokela kutali, bamdala?"

"Pafupi chabe," anatero. "Pa Chawama."